Zitsulo M'phala la Kamasaya

"Ayi iwe, si mchenga. Mchenga ndimaudziwa ine. Izi zikunyezimira."

"Zikunyezimira bwanji?"

"Ngati tija timadzola m'zikope tija. Koma takuda. Tangobwera chonde, usandifunse zambiri."

Kachangu anadula foni. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake, poti mtsikanayu chilichonse amachita ngati akuthamangitsidwa ndi galu kkkk, kutsuka mbale mphindi ziwiri, kusesa nyumba yonse mphindi zitatu, zinyalala zonse kunsi kwa mpando. Koma tsiku limeneli, Loweruka m'mawa, anangoima chiimire pa sinki, kambale ka mwana kali m'manja, mpopi ukungotayika osautseka.

Pansi pa kambaleko, pomwe phala linathera, panali kamzere kakuda. Atapaka chala kanamveka kukhakhala. Ndipo phala limenelo anali atangomwetsa Kamasaya, mng'ono wake wa miyezi isanu ndi itatu. Lonse. Mpaka kukokota ndi supuni, uku akumuimbira kanyimbo.

Nde nkhani yake inali chonchi. Dzulo lake amayi popita ku saluni komwe amaluka tsitsi anamusiyira ntchito imodzi yokha basi. Ufa wa phala la mwana unali utangobwera kuchigayo uli wofunda, nde auyanike pansalu kutsogolo kwa nyumba, akhale pompo aziingitsa nkhuku. Kutsogolo. Anabwereza kawiri. Koma nkhuku za aneba awo ndi mbava zopanda manyazi, ukangoyang'ana pafoni zalowa kale ndi mapazi omwe. Kachangu anaingitsa, anaingitsa, kenako nzeru zinamubwerera. Kuseri kwa nyumba ndi komwe abambo ake amawotcherera zitsulo, mageti, mawindo, mabedi, ndipo akayatsa gilayinda, chimakina chopalira zitsulo chija chimalira ngati chikuphedwa, palibe nkhuku imayandikako ngakhale imodzi. Mlonda waulere! Anakoka nsalu ndi ufa womwe nkukayala kuseri m'mbali mwa khoma, iye nkukadzigonera pampando ndi foni. Abambo anali m'chigoba chawo chakumaso, atalozetsa msana kuno, sanaone kanthu. Moto unkangothetheka uko, wokongola bwino. Amayi asanabwere iye anali atawola kale ufa wake, kuthira mu ndowa, kuvindikira, phee. Anadzitamanso mumtima kuti koma mutu nde ulipo kkkk.

Lero amayi anali ku saluni, abambo analawirira kukaika geti kwinakwake kutali. Panyumba anali iye ndi mwana.

Sipanathe nthawi Magalasi anatulukira ali wefuwefu, atavala masilipasi osiyana, lina lobiriwira lina la achimwene ake. Uyu ndi amene anamuimbira foni uja, mnzake wa kusukulu wa pa desiki imodzi, amene sayansi amakhoza mpaka aphunzitsi akafuna kulemba yankho pa bolodi amayamba amuyang'ana kaye. Analandira kambale kaja, kuyang'ana, kuvula magalasi, kupukuta ndi malaya, kuvalanso.

"Ufawo unayanika kuti?"

Kachangu anatembenuka nkutseka mpopi.

"Kachangu."

"Kuseri."

"Kuseri kwa adadi ako? Akupala zitsulo?"

"Nkhuku iwe, sukuzidziwa nkhuku zimene zija..."

"Mayo ine. Mwana ali kuti?"

"Wagona."

Analowa kuchipinda monyang'ama. Kamasaya anali gada pabedi la amayi, kukamwa yasa, timanja tili m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Masaya ake aja ali phwii. Kachangu anaika chala pamphuno pake ndipo kwa kanthawi sanamve chilichonse. Kenako kampweya kofunda kanamukhudza.

"Akupuma," ananong'ona.

"Amagona chonchi masiku onse?"

"Eya. Kaya. Sindikudziwa! Masiku onse sindimamuyang'ana akagona."

Atabwerera kukhitchini Kachangu anatulutsa ndowa ya ufa nkuiika pakati. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi: zimenezi zichoke, zisaonekenso, mwina zikachoka mu ndowa nde kuti sizinachitike.

"Iwe ndiwe wa sayansi. Tichotse amayi asanabwere."

Sanadikire yankho. Anatenga sefa, kuthira ufa, kugwedeza mwa changu chake chija mpaka ufa kumaso konse. Zonse zinadutsa. Mu sefamo munatsala kachitsotso kamodzi kokha.

"Sefa imathandiza china chikakhala chachikulu china chaching'ono," anatero Magalasi. "Apa zonse ndi fumbi lokhalokha."

"Nde tithire madzi zisungunuke."

"Chisungunuke chiyani? Si mchere uwu. Mchere ukasakanikirana ndi mchenga eya, umathira madzi, mchere usungunuka, usefa pansalu mchenga utsala, kenako uwiritsa madziwo mpaka aphwe upeza mchere wako. Koma ufa susungunuka, chitsulo sichisungunuka. Upanga matope basi."

"Nde zija timalemba pamayeso zija nzabodza?"

"Umalemba iweyo? Si umakopera kwa ine?"

"Si nthawi yake ino aise."

Magalasi analuma mlomo, kuganiza. "Adadi ako alibe maginito?"

Anali nayo. Kuseri kuja, pa mwendo wa tebulo lawo lachitsulo, pamakhala chimaginito chozungulira chochoka mu sipika yakale, chomwe amatolera misomali ikagwera pansi. Kachangu anathamanga kukachimatula, chinakana, anakoka ndi manja awiri mpaka anakhala pansi ndi matako. Pobwera anafuna kungochiviika mu ndowa.

"Dikira! Uchikulunge kaye mu kajumbo ka pulasitiki. Apo ayi fumbilo likamatirira suchotsanso, uzikanda ndi zikhadabo mpaka mawa."

Anayala ufa pa thireyi mopyapyala. Magalasi anagwira chimaginito chija m'kajumbo nkuyamba kuchiyendetsa pamwamba pang'onopang'ono, osakhudza. Poyamba panalibe kanthu. Kenako ufa unayamba ngati ukunyerenyetsa, tinthu takuda tikudumpha tokha, tsotsotso, kukakamira kunsi kwa kajumbo. Atatembenuza, eee, chimaginito chamera ndevu! Zakuda, zoima njoo, ngati za ahedi akaiwala kumeta.

Kachangu anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba, Magalasi nayenso kkkk, koma kusekako kunangopitirira, kunangopitirira, ndipo pena pake osadziwa kuti pati kunasanduka kulira. Chifukwa izi zinachoka pa thireyi imodzi. Ndipo iye m'mawa anatapa masupuni atatu odzadza, pamwamba penipeni pa ndowa.

"Tiye tipitirize," anatero Magalasi motsitsa, osamuyang'ana.

Thireyi yachiwiri. Yachitatu. Akamaliza amakoka maginito kuchoka m'kajumbo, ndevu zija nkugwera pa pepala. Anabwereza mpaka maginito anayamba kubwera oyera. Pa pepala panali kamulu kakuda, mwina kodzadza supuni yaing'ono. Kachangu anapukuta mphuno ndi mkono.

"Basi eti? Wayera eti? Tibwezere mu ndowa."

"Tione kaye. Patse tambula."

Magalasi anathira madzi mu tambula, kuikamo supuni ya ufa woyeretsa uja, kutakasa, nkuiika pawindo. "Cholemera chimayamba kumira," amvekere. Anadikira mitu itagundana. Madzi anali mbuu ngati mkaka. Atakweza tambula kuyang'ana kunsi kwake, pansi penipeni panali timchenga tofiirira, tochepa koma tilipo. Anagunditsa maginito kunja kwa tambulayo, kuyendetsa uku ndi uku. Sitinasunthe ngakhale pang'ono.

"Bwanji sizikubwera? Yatha mphamvu?"

"Izi si zitsulo. Ndi chimbale chija chimazungulira pa gilayinda. Chikamapala chitsulo nachonso chimadyeka, nde chimenecho chili ngati mwala. Maginito sakoka mwala."

"Nde tichotsa ndi chiyani?"

"Sitichotsa. Ufawu wapita, Kachangu. Usampatsenso mwana, ngakhale nkhuku zakozo."

Pomwepo kuchipinda kunamveka kulira. Osati kuja kwa ndadzuka ndinyamuleni ayi, koma kokuwa, kwakuthwa, kochita kubaya m'khutu. Kapena ndi mmene amalirira masiku onse? Kachangu sanathenso kusiyanitsa. Anathamanga chimaginito chili m'manja, kufika pabedi, kukweza kamalaya ka mwana, kamimba kali poyera, nkuyamba kuchitsitsa.

Magalasi anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. "Wapenga?"

"Ndisiye, zituluke!"

"Zitulukira pati? Pamchombo? Ukazikokera malo amodzi m'matumbomo nde utani?"

Kachangu anachitaya ngati chamuotcha. Chinagubuduka nkukamatirira ku mwendo wa bedi, khaa! Mwana anawonjezera kulira. Anamunyamula, kumugwedeza, kumuti shhh shhh, koma Kamasaya anangodzipinda msana, nkhope yonse psuu, malovu chuchuchu. Kodi kamimbaka kamakhala kolimba chonchi? Kodi watentha kapena ndi manja ake omwe azizira?

"Nde titani? Sayansi yakoyo ikuti chiyani?"

"Sindikudziwa."

Zaka zitatu ali pa desiki imodzi, Kachangu anali asanamvepo mawu amenewo kuchoka pakamwa pa Magalasi. Kambale kaja kanamuopsa, ndevu zija zinamuopsa, koma apa nde mantha anamulowa mpaka m'mafupa.

"Za mu ndowa ndikudziwa," anatero Magalasi. "Za m'mimba mwa munthu ayi. Mbereke. Tikawauze amayi."

"Andipha."

"Akuphe mwana ali kuchipatala. Mbereke iwe!"

Anamubereka, nsalu kumanga mfundo ziwiri. Magalasi anapinda pepala la fumbi lija nkuliika m'kajumbo pamodzi ndi kambale kosatsuka. Msewu wopita ku saluni Kachangu amaudutsa tsiku lililonse akusewera pafoni, koma lero unatalika ngati wina waukoka. Atadutsa pa okonza njinga mwana anasiya kulira. Zii kumsana. Kachangu anaima.

"Tamuone. Magalasi tamuone, ine sindingathe."

Magalasi anasuzumira. "Akuyamwa chala. Akundiyang'ana ngati ndamubera."

"Maso ali bwinobwino?"

"Ali awiri. Tiye."

Mu saluni munali fungo la mafuta atsitsi ndi wailesi ikulira. Amayi anali kumbuyo kwa mayi wina wonenepa, chipeso chili pakamwa, zala zikuthamanga m'mutu. Ataona ana awiri pakhomo, wina ufa kumaso, wina masilipasi osiyana, zala zinaima.

"Mwana watani?"

Kachangu anakonza mawu njira yonse, oyambira pa nkhuku, ofotokoza bwinobwino kuti si iye yekha wolakwa. Onse anathawa.

"Amayi ndinayanika ufa kuseri adadi akupala zitsulo nde mwalowa zitsulo nde ndamwetsa mwana phala lake lonse."

Mpweya umodzi. Magalasi anatambasula pepala lija osauzidwa. Amayi anayang'ana kamulu kakudako, anachotsa chipeso pakamwa, anachiika patebulo mofatsa kwambiri. Kachangu anatseka maso kudikira mbama. Sinabwere. Anangomva nsalu ikumasulidwa pachifuwa pake, kulemera kwa mwana kukuchoka kumsana.

"Pitani amayi, pitani," anatero mayi wonenepa uja, mutu theka woluka theka uli nyankhalala. "Ine ndivala duku. Thamangani."

Kuchipatala pabenchi panali anthu, koma amayi anangodutsa mpaka pakhomo, pepala lili patsogolo, ndipo palibe anadandaula. Anesi anali achikulire ndithu, a manja akuluakulu. Anamugoneka Kamasaya pa kabedi, kumuyang'ana m'kamwa ndi katochi, kumupima kutentha, kudina kamimba uku ndi uku. Kachangu anakakamira khoma, akuwerenga madinidwewo. Kamasaya anagwira wotchi ya anesi nkufuna kuidya.

"Wadya nthawi yanji?"

"M'ma seveni," anayankha Kachangu, mawu ngati a udzudzu.

"Wasanza?"

"Ayi."

"Wachita chimbudzi?"

"Ayi."

Anesi anatenga pepala lija kupita nalo pawindo, kupaka pachala, kufikisa. "Izi mwazichotsa mu ufa wonse? Ndi chiyani?"

"Maginito," anatero Magalasi ali pakhomo. "Koma mwatsala za mwala. Tinayesa m'madzi."

Anesi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, magalasi kuyang'anizana ndi magalasi kkkk. "Mwachita bwino kubwera nazo. Ambiri amangobwera nkuti mwana wadya zinthu, zinthu zanji, kaya." Anatembenukira kwa amayi. "Ndi fumbi losalala, sindikuona chobaya, ndipo mimba ndi yofewa. Ndikuyembekeza kuti zituluka zokha. Koma sindikuti basi zatha ayi. Muziyamwitsa pafupipafupi, ndipo thewera lililonse muziliyang'ana. Akasanza, mimba ikatupa, akakana bere, mukaona magazi kaya chimbudzi chakuda bii, musadikire kuti kuche. Apo ayi mubwere naye mawa ndimuonenso."

Pobwerera Magalasi anapatukira kwawo pa mphambano, anangomufinya Kachangu chala nkumapita. Kunyumba amayi ananyamula ndowa ija okha nkukakhuthula kudzenje, ufa wonse, nkukwirira ndi dothi. Kachangu anaima pakhonde manja ali kumbuyo.

"Amayi pepani."

"Tenga mpando ukhale apo. Uzimuyang'ana."

Basi. Bola akanamukalipira, bola akanamukwapula ndi lamba zithe. Koma ayi, anamupatsa mpando.

Abambo anafika madzulo atanyamula chikwama cha zipangizo, akuimba kamluzu. Amayi anawapatsa pepala lija nkuwauza mawu atatu anayi. Kamluzu kanazima. Anapita kuseri, nkukaima pamalo paja panali nsalu, kuyang'ana khoma, kuyang'ana tebulo lawo, nthawi yaitali. Pobwera sanamuyang'ane Kachangu mwaukali. Anakhala pansi m'mbali mwa bedi, bambo wamkulu ndi ovolosi yake yakuda, nkugwira kaphazi ka mwana ndi zala ziwiri.

"Ine ndinali pompo," anatero. "Tsiku lonse. Osatembenuka ngakhale kamodzi."

Apa nde Kachangu analira zenizeni.

Ndipo Kamasaya, ngati akudziwa kuti nyumba yonse ikudikira iyeyo, tsiku limenelo sanachite chimbudzi. Mwana woti masiku onse amachita katatu, pena pa alendo pomwe! Thewera loyamba mkodzo wokha. Lachiwiri mkodzo. Akayamwa, Kachangu amawerenga kumeza kwake. Akageya, onse atatu amadzidzimuka. Akatsokomola pang'ono abambo amakhala atagwira kale nsapato. Chakudya chinaphikidwa, chinazizira patebulo, chinavindikiridwa. Foni ya Kachangu inalira kangapo mu thumba, sanaigwire nkomwe, iye amene amadya nayo, kusamba nayo.

Lamulungu m'mawa dzuwa litangolowa pawindo, Kamasaya anali pamiyendo pa amayi akusewera ndi batani. Kenako anasiya. Anayang'ana kutali ngati munthu woganiza za moyo. Nkhope inafiira, timasaya kunjenjemera, ndipo kunamveka phokoso loti ngakhale aneba analimva.

"Bambo ake! Bwerani!"

Abambo anatulukira kubafa sopo ali m'khutu. Banja lonse linaunjikana pa thewera limodzi ngati pali mpira pa kanema kkkk, abambo atayatsa tochi ya pafoni dzuwa lili phwee, amayi akutsegula pang'onopang'ono, Kachangu atagwira pakamwa, osati chifukwa cha fungo ayi, ngakhale fungolo linalipo lokwanira.

Amayi anayang'ana. Anapendeketsa ku windo. Anayang'ananso.

"Palibe magazi. Ndi chachikasu ngati masiku onse."

"Taonetsetsani mayi ake."

"Ndati palibe. Mukufuna mulowemo?"

Abambo anaseka kuseka kwina kwachilendo, nkukhala pansi, nkupukuta m'maso ati ndi sopo. Kamasaya anaponya timiyendo m'mwamba nkukuwa mosangalala, wanyadira ntchito yake.

Anapitabe kuchipatala. Anesi aja anadinanso kamimba, kufunsa mafunso awo, nkunena kuti apitirize kuyang'ana masiku awiri koma iwo mtima wawo wakhala pansi. Potuluka pageti amayi anaima, kumasula mwana, nkumupereka kwa Kachangu. Kachangu anamulandira ngati dzira. Anamanga nsalu pang'onopang'ono, mwina koyamba m'moyo wake kuchita chinthu pang'onopang'ono, mpaka amayi amvekere, "Nde lero tigona pano?"

Ali m'njira anatulutsa foni. Mauthenga khumi ndi anayi, onse a Magalasi, onse ofanana: zili bwanji, zili bwanji, iwe tayankha. Analemba ndi chala chimodzi, dzanja lina litagwira kaphazi kumbuyo: "Wachita. Palibe magazi. Anesi ati ali bwino. Akundikoka tsitsi pano."

Sipanathe ngakhale mphindi foni inanjenjemera.

"Ambuye zikomo. Umpsompsone masaya onse awiri, lina langa. Iwe ine chichokereni dzulo sindinadye kanthu, amayi mpaka amafuna kunditengera kuchipatala. Usandiimbire, ndikudya."